Mwana walowerera kubetcha pafoni, ndimuthandize bwanji?

Abale anga muno, ndithandizeni nzeru. Ndikusunga mwana wa malemu achemwali anga kuno ku Ulongué, wa zaka 16. Walowerera masewera a kandege aja apafoni, moti ndalama yomwe tinagulitsa kachewere, yoti tigulire feteleza, yapita theka. Usiku amafunda bulangete kumutu, foni ikuwala mkatimo, kukacha ku sukulu tulo tokhatokha.

Lamulo la kuno ku Mozambique sililola mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga, koma akauntiyo anamutsegulira mnzake wamkulu ndi BI (chitupa cha unzika) yake. Ndiye funso langa ndi ili: alipo amene anatseketsapo akaunti yotere? Munayambira kuti? Ku Inspecção Geral de Jogos, omwe amayang'anira za juga, munthu wa kuno ku Ulongué angadandaule bwanji osapita ku Maputo?

Foni ndinamulanda, akubwereka ya anzake. Kumenya ayi, amalume ake anayesa, zinangokulitsa mabodza. Makolo amene munakumanapo nazo, munatani kuti mwana asiye? Kapena kuchipatala aliko aphungu othandiza pa vuto lotereli?