Za maseti a masamu aja, nambala yapezeka

Paja ndinafunsa kuti maseti a masamu a ana asukulu, omwe ndikuitanitsa kunja kuti ndizigulitsa ku Area 2 kuno ku Lilongwe, amalowa nambala iti pa tarifi ya kasitomu (mndandanda wa manambala a katundu olipitsira msonkho), poti m'kabokosi kamodzi mumakhala kampasi, rula, tizida toyezera makona, pensulo, labala ndi shapena. Ena mwa inu munati chilichonse chilembedwe pachokha. Ejenti wondichotsera katundu wakana zimenezo, ndipo wandiwonetsa m'buku la tarifi lomwe a MRA amatsatira.

Mutu wa 9017 ndi wa zida zojambulira ndi zowerengera masamu, ndipo maseti ojambulira amatchulidwamo mwachindunji. Nambala yake ndi 9017.20. Pensulo payokha ndi ya ku 9609, labala ku 4016.92, shapena ku 8214.10, koma zikapakidwa m'bokosi limodzi logulitsira, lamulo la 3(b) lomasulira tarifi limati tiziyang'ana chomwe chikupatsa setiyo ntchito yake yeniyeni. Apa ndi kampasi ndi tizida toyezera makona. Kalabala kaja kangoperekeza.

Chenjerani ndi mabokosi omwe ogulitsa kunja amawatcha "ojambulira" pomwe m'kati mwadzaza makrayoni okhaokha. Amenewo ndi a ku 9609, ndipo ngati ndi utoto wojambulira zithunzi amapita ku 3213. Ndauza wonditumizira kuti pa invoisi alembe zonse zam'bokosi chimodzichimodzi, kuti polowetsa mu ASYCUDA, pulogalamu ya pakompyuta yomwe a MRA amalembetsera katundu, pasakhale kukokanakokana katundu akafika pa boda ya Dedza.