Makompyuta a VLAN 20 pa switch yachiwiri sakulandira IP

WakuGinneryCorner:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Muofesi muli ma switch awiri, Cisco pansi ndi TP-Link m'chipinda cham'mwamba, olumikizidwa ndi chingwe chimodzi cha Cat6. Netiweki tinaigawa m'magulu osiyana otchedwa VLAN: VLAN 10 ndi ya ogwira ntchito, VLAN 20 ya alendo. Pansi zonse zili bwinobwino, koma m'mwamba makompyuta a VLAN 20 akungodzipatsa adiresi yoyamba ndi 169.254. Kodi chingwe chimodzi chimasiyanitsa bwanji ma VLAN awiri?

Nachingwe_Limbe:
Achimwene, chingwe sichisiyanitsa kanthu, ntchitoyo ndi ya tag (chizindikiro chosonyeza VLAN), motsatira muyezo wa IEEE 802.1Q. Frame (kaphukusi ka data) ikamatuluka pa trunk port, yomwe ndi port yonyamula ma VLAN angapo pakati pa ma switch, switch imalowetsamo ma byte 4 pakati pa MAC address ya wotumiza ndi EtherType (gawo losonyeza mtundu wa data yomwe ili mu frame). Awiri oyamba amakhala 0x8100, kudziwitsa switch inayo kuti frameyi ili ndi tag. Mwa awiri otsalawo, ma bit 3 ndi a priority, imodzi ndi DEI (yosonyeza ngati frame ingathe kutayidwa mzere ukadzaza), ndipo 12 ndiwo amanyamula nambala ya VLAN. N'chifukwa chake ma VLAN amayambira pa 1 n'kulekera pa 4094, poti 0 ndi 4095 saloledwa kukhala nambala za VLAN. Malire a kukula kwa frame amakwera kuchoka pa ma byte 1518 kufika 1522.

Kompyuta yokha siiona tag imeneyi. Pa access port (port yolumikizapo kompyuta) switch imaichotsa isanapereke frame, ndipo zochokera ku kompyuta imazilowetsa mu VLAN ya port imeneyo. Adiresi ya 169.254 ikutanthauza kuti pempho la DHCP (lopempha adiresi ya IP) silikufika kwa wogawa ma IP, ndiye tag ikutayika penapake m'njira.

Mjomba_wa_Ndirande:
Ine ndikukayikira PVID pa TP-Link, kutanthauza nambala ya VLAN yomwe port imapatsa frame zolowa zopanda tag. Kumeneko anthu ambiri amaika port kukhala untagged mu VLAN 20 n'kuganiza kuti atha, koma zimenezo zimangokhudza frame zotuluka. Zolowa zimatsatira PVID, ndipo ikasiyidwa pa 1, pempho la kompyuta limalowa mu VLAN 1 n'kusochera. Tsegulani tsamba la 802.1Q PVID, port ya mlendo aliyense ikhale 20. Port yopita pansi ikhale tagged mu VLAN 10 ndi 20 zonse, osati untagged.

MayiWaChichiri:
Onjezerani izi ku mbali ya Cisco. Lembani show interfaces trunk muone ngati 20 ili pamndandanda wololedwa, komanso show vlan brief kuti mutsimikize kuti VLAN-yo inapangidwadi. Chonde samalani powonjezera: mukalemba switchport trunk allowed vlan 20 popanda mawu akuti add, mndandanda wonse umafufutika n'kutsala 20 yokha, ndipo ogwira ntchito m'mwamba onse intaneti iduka nthawi yomweyo. Lamulo loyenera ndi switchport trunk allowed vlan add 20.

Native VLAN nayo ifanane mbali zonse. Cisco imatumiza native VLAN yopanda tag, ndiye pansi ikakhala 1 pomwe PVID ya port ya m'mwamba ndi 10, magulu awiri osiyana asakanikirana mwakachetechete. Zikatheka zonse lembani write memory, ndipo pa TP-Link dinani Save Config, chifukwa magetsi akangothima kamodzi muyambiranso pachiyambi.