Probox yayamba kudontha oyilo nditangosintha ndekha, ndiyambire pati?

Woyendetsa Probox:
Akuluakulu, ndithandizeni. Probox ya injini ya 1NZ, ndasintha oyilo ndi fyuluta dzulo, ndinathira malita 3.7. Mmawa uno pansi pali madontho. Getsi la oyilo silikuyaka. Ndiyende nayo kapena ndiyimike?

Makaniko wa ku Ndirande:
Achimwene, musayende kaye. Galimoto ikhale pamalo afulati, injini itazima, musolole dipstick (kachitsulo koyezera mlingo wa oyilo), mupukute, mubwezere, musololenso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri za pa dipstick. Getsi musalidalire, limayaka mphamvu ya oyilo ikatsika, ndipo nthawi imeneyo injini imakhala itayamba kale kuvulala.

Kenako pukutani. Pomasula fyuluta yakale oyilo amatayikira pa sampu (chosungira oyilo cha pansi pa injini) ndi pa pulasitiki wapansi, ndiye amadontha ngakhale masiku awiri popanda chobooka. Tsukani ndi brake cleaner kapena kansalu ka palafini mpaka pauma, muyale katoni yoyera pansi. Lizani injini mphindi 5, muunike ndi tochi malo awiri: pamene fyuluta yakhudzana ndi injini, ndi pa bawuti ya sampu. Pamene payambe kunyowa ndi pomwepo.

Mmisiri wa ku Mchesi:
Kuwonjezera apo, musalowe pansi galimoto ili pa jeke yokha, ikani ma stand. Ndipo pounika muziyambira kumwamba, chifukwa oyilo amatsetsereka. Chitsekerero chothirira oyilo chamangidwa? Gasiketi ya tappet cover (chivindikiro cha pamwamba pa injini) siyikunyowa? Oil pressure switch (kachipangizo koyatsa getsi la oyilo) nayo imachucha ikakalamba, anthu n'kumanamizira fyuluta. Onaninso mtundu pa katonipo: oyilo watsopano amaoneka ngati uchi, wakuda bii ndi wakale wotsalira, wofiirira ndi wa giyabokosi.

Makaniko wa ku Ndirande:
Fyuluta yakaleyo mudakali nayo? Onani ngati labala wake alipo. Akakhala kuti palibe, ndiye kuti anakakamira pa injini ndipo panopa muli malabala awiri opanikizana. Zimenezi ndi zoopsa kuposa zonse, chifukwa injini ikatentha labala mmodzi amafinyikira kunja, oyilo yense n'kuthera mumsewu m'kanthawi kochepa. Kamangidwe ka fyuluta: pakani oyilo pang'ono pa labala watsopano, zungulitsani ndi dzanja mpaka labala akhudze, kenako onjezerani magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Kumanga ndi mphamvu zonse kumangopotoza labala.

Woyendetsa Probox:
Ndatsuka, ndaliza. Oyilo ali pa mlingo wake, labala wakale ali pa fyuluta yake, fyuluta yatsopano ndi youma. Koma pamutu pa bawuti ya sampu pakutuluka kadontho pang'onopang'ono. Washala ndi yomwe ija yakale. Ndingomangitsa?

Mmisiri wa ku Mchesi:
Ayi bambo, apa ndi pamene masampu ambiri amafera. Washalayo ntchito yake ndi kuphwanyika kamodzi kuti itseke mpata, ikaphwanyika yatha. Mukakakamiza ndi sipanala yaitali mudya mazinga, ndiye nkhani ya washala isanduka yogula sampu. Musakulungenso thread tape (tepi yokulunga pa mazinga), tizidutswa take timatha kulowa mu oyilo.

Gulani washala yatsopano ya bawuti ya 12 mm. Injini itazizira, tchingirani beseni lotsuka bwino ndi louma, masulani ndi sipanala ya 14, oyiloyo ndi watsopano mumubwezera. Pukutani pakamwa pa sampu, muone ngati washala yakale siyinamatirire pamenepo. Bawuti muyambe kuilowetsa ndi zala. Ikamalimba isanafike kumapeto, kapena ikamangozungulira osagwira, mazinga awonongeka, pamenepo galimotoyo ipititseni kugalaja.

Makaniko wa ku Ndirande:
Ngati torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) ilipo, ikani pa 38 Nm pomanga bawutiyo. Mukabwezera oyilo yendani nayo galimotoyo makilomita ochepa kuti itenthe, chifukwa oyilo wotentha amapyapyala ndipo amapeza mpata umene wozizira sadutsa. Zimitsani, dikirani mphindi 5, yezani dipstick, pukutani bawuti ndi kapepala koyera. Katoni igone pansi usiku wonse, ndipo muziyezabe mmawa uliwonse kwa sabata imodzi.