Cursor ya mnzanga ikungozungulira osatha, ndimuuze kuti akonze pati?

kalulu_dev

Akuluakulu, andipatsa stored procedure (code yosungidwa mu database) ya mnzanga wa kuntchito kuti ndiiunike isanapite pa production, pomwe iyambe kugwira ntchito yeniyeni. Ndi SQL Server, ndipo imawerengera chiwongoladzanja pa ngongole iliyonse pogwiritsa ntchito cursor (njira yoyenda mu tebulo mzere umodziumodzi). Nthawi zina siitha, imangozungulira. Ikagwa pakati, kuiyendetsanso kumabweretsa error 16915. Komanso ngongole zina zikupatsidwa mlingo wa ngongole ina. Mtima wake ndi uwu:

DECLARE c CURSOR FOR SELECT id, mtundu FROM Ngongole
OPEN c
FETCH NEXT FROM c INTO @id, @mtundu
WHILE @@FETCH_STATUS = 0
BEGIN
IF @mtundu IS NULL CONTINUE
SELECT @mlingo = mlingo FROM Milingo WHERE mtundu = @mtundu
UPDATE Ngongole SET chiwongola = otsala * @mlingo WHERE id = @id
FETCH NEXT FROM c INTO @id, @mtundu
END
CLOSE c

mlonda_wa_seva

Kuzungulirako kwabwera ndi CONTINUE, achimwene. Mtundu ukakhala NULL, CONTINUE amalumpha FETCH NEXT wa pansiyo n'kubwerera pa WHILE. Mzere sunasunthe, @@FETCH_STATUS akadali 0 (kutanthauza kuti FETCH yomaliza inapeza mzere), ndiye izungulira mpaka wina ataipha. Mizere ya NULL ichotsedwe ndi WHERE mu SELECT wa cursor momwemo, IF uja achoke.

16915 ikutanthauza kuti cursor ya dzina limenelo ilipo kale. Pali CLOSE koma DEALLOCATE palibe, ndipo popeza sanalembe LOCAL, cursor yakhala GLOBAL, monga database imachitira ngati simunasinthe CURSOR_DEFAULT. Imakhalabe pa connection procedure itatha. Alembe CURSOR LOCAL FAST_FORWARD, atseke ndi CLOSE kenako DEALLOCATE.

chitedze88

Vuto lachitatulo, la mlingo wa ngongole ina, ndiye loopsa chifukwa sililira, limangolemba ndalama zolakwika mwakachetechete. SELECT @mlingo = mlingo akapanda kupeza mzere mu Milingo sasintha variable kukhala NULL ayi, amaisiya ndi zomwe inali nazo. Ndiye ngongole ya mtundu wosadziwika imatengera mlingo wa yomwe yadutsa kumene. Akapezanso mizere iwiri ya mtundu umodzi sadandaula, amangotenga womaliza, ndipo womalizayo simungamudziwiretu. Mukalemba SET @mlingo ndi subquery, mupeza NULL pamene mzere palibe, ndi error 512 pamene ilipo yoposa umodzi. Bola error kusiyana ndi kulipiritsa munthu chiwongoladzanja cha mnzake.

Chenjeraninso ndi @@FETCH_STATUS: ndi mmodzi pa connection yonse, si wa cursor iliyonse payokha. Wina akadzaika EXEC pakati pa FETCH ndi WHILE, procedure yoitanidwayo ili ndi cursor yake, loop yanu iwerenga -1 (kutanthauza kuti mizere yatha) wa cursor inayo n'kuima msanga.

mayi_dba

Zonsezi n'zoona, koma mukusoka chigamba pa nsalu yoti itayidwe. Ntchito yonseyi ndi statement imodzi:

UPDATE n SET chiwongola = n.otsala * m.mlingo
FROM Ngongole n JOIN Milingo m ON m.mtundu = n.mtundu

JOIN amasiya yekha ya NULL ndi yopanda mlingo. Koma muike UNIQUE pa Milingo.mtundu, apo ayi mizere iwiri ija idzakuvutaninso, chifukwa UPDATE nayenso amangosankha umodzi osanena. Tebulo likakhala lalikulu, gawani ndi id, mizere ngati 4,000 pa ulendo, poti ma lock (maloko omwe amatseka mizere ikamasinthidwa) akafika 5,000 pa statement imodzi SQL Server imatha kutseka tebulo lonse.

Pomulembera mnzanuyo musangoti cursor ndi yoipa, sakumvani. Yendetsani zonse ziwiri pa kope la database ndi SET STATISTICS IO, TIME ON, mufananize zotsatira ndi EXCEPT (amatulutsa mizere yomwe ili mbali imodzi yokha) mbali zonse ziwiri. Mizere yomwe isiyane ndi ija yotengera mlingo wa ena, mumutumizire ma id ake aone yekha.

kalulu_dev

Zikomo nonse. Nanga zopanda mlingo zomwe JOIN azisiye, zingotsala choncho?

mayi_dba

Ayi bambo, zitulutseni kaye ndi LEFT JOIN pomwe m.mtundu IS NULL, muzilembe mu tebulo lapadera. A ku accounts ndi omwe anene mlingo wake, osati code.