Thandizeni maganizo: ndikufuna kuyenda ndi agalu ku Bua kenako ku jeti

Abale pagulu pano mwaswera bwanji. Funso langa likupita kwa anthu oti Nkhotakota mumaidziwa, osati ongodutsa pa M5. Ndasamukira pa boma pano miyezi itatu yapitayo kuchokera ku Lilongwe ndipo ndinabwera ndi agalu anga awiri, Bingo ndi Kambuku. Ku Area 25 ndinkawayendetsa madzulo aliwonse koma kuno angokhala kumpanda moti Kambuku wayamba kukumba pansi pa geti, masilipasi a ana watafuna onse, ndikawaona amandimvetsa chisoni. Ndiye ndimafuna Loweruka ndiwakweze galimoto tikatsike pa mlatho wa Bua, tiyende m'mbali mwa mtsinje motsatira tinjira ta asodzi, pobwera tidzathere ku jeti, pokochezera maboti kunyanja paja. Vuto ndi Bingo, akangoona madzi mutu sugwira, sabata yatha ku Kaombe anandisolola chingwe m'manja n'kudumphira m'madzi, mayi wina amene amachapa pompo anakuwa kuti "achimwene mutaya galu!" ine miyendo inachita kuzizira. Kodi Bua ndi yoyendeka ndi agalu? Nanga ku jeti anthu sadzandiona ngati wamwano?

Wa ku Dwangwa: Achimwene Bua ayi chonde. Muli ng'ona mmenemo ndipo galu ndi ndiwo yake yeniyeni, akamauwa kapena kumwa madzi m'mphepete imabwera mwakachetechete simuiona n'komwe. Komanso nyengo yotentha ino zazikazi zimakhala zikulondera mazira pamchenga, zimalusa. Choopsa china ikagwira galu inu chingwe chili chokulunga pamkono mupita naye limodzi.

Mayi wa ku Linga: Za ku jeti ndiyankhe ine. Kuno ambiri ndife Asilamu, galu akakunyambita kapena kukhudza chovala ndi mphuno yonyowa umayenera kukasamba ndi kuchapa usanaswali, ndiye si kuti timadana ndi agalu anu koma asamatinunkhize. Agwireni pafupi ndi mwendo wanu, ndipo pomwe amayi ayanika usipa pa thandala kapena akutsuka mbale mulambalale patali. Mukatero palibe angakuyankhuleni.

Wolemba funso: Zikomo kwambiri mayi, izi sindinaziganize n'komwe. Nthawi yabwino ingakhale iti?

Mayi wa ku Linga: Mmamawa kwambiri kapena dzuwa likapendeka. Koma tsiku loti sitima ya Ilala yafika musayerekeze, imaima patali anthu n'kumatsika pa maboti ang'onoang'ono, pamadzadza katundu, makabaza, ana, agalu anu adzasokonezeka.

Wosamalira ziweto: Ndiwonjezere mbali yanga. Kumtunda kwa mlathowo mukuyandikira nkhalango ya Nkhotakota yomwe a African Parks akuyang'anira kuyambira 2015, agalu salowa kumeneko, ndipo musaiwale kuti mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Koma chimene ine ndimaopa kwambiri ndi kashembe. Ntchentche imeneyi imapereka kaodzera kwa anthu, agalunso amadwala, galu amatentha thupi, kuonda, maso kuchita mtambo ngati wakhungu, mukachedwa amafa. Katemera wa chiwewe anabayitsa liti? Ngati chaka chakwana pitani kwa a vetenale musanawatulutse chifukwa kugombe agalu ongoyendayenda ndi ambiri. Mukabwerako muwafufuze nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala.

Msodzi mnzanu: Madala ine ndingokuuzani za mbedza. Pamiyala ya jeti pamatsala mbedza zili ndi nyambo yake, galu wa mlamu wanga anameza imodzi ulusi uli lende pakamwa, tinavutika naye usiku wonse akulira. Zikachitika musakoke ulusiwo. Komanso mchenga wa masana pano umawotcha, pondani kaye inuyo opanda nsapato mumve.

Wa ku Dwangwa: Ndipo musaganize kuti kunyanja kulibe ng'ona, pomwe pali bango ndi pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja zimapezeka. Madzi akumwa muwatengere m'chigubu.

Wolemba funso: Mwandithandiza abale, za Bua ndazisiya, Bingo ndinamulera kuyambira ali kamwana kokwana m'chipewa sindingapirire kumuona akukokedwa. Kadi ndaiona, katemera anabayitsa chaka chatha mu Seputembala ndiye mawa ndiyamba kwa a vetenale. Loweruka tiyenda wapansi kuchoka pa boma kutsikira ku jeti cha m'ma 5 koloko mmawa, ndikatenga mphwanga agwire Kambuku ine ndigwire Bingo. Chatsala ndi chingwe, chija chinandipulumuka n'cha nayiloni choterera, alipo akudziwa pomwe ndingapeze tcheni cholimba pamsika wa pa boma kapena ndichite kuitanitsa ku Salima?