Visa ya D8 ya ku Portugal: mapepala ake tiyambire pati?

code_ndi_nsima

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta, kampani yake ili ku London ndipo malipiro amabwera mwezi ndi mwezi mu mapaundi. Ndikufuna kukakhala ku Portugal pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi mwana mmodzi, pa visa ya anthu ogwira ntchito pa intaneti ija amati D8. Pasipoti yanga ndi ya Malawi. Pamafunika ndalama zingati, ndiyambe ndi pepala liti, nanga munthu ukafika kumeneko chotsatira n'chiyani? Ena akuti ndiyambe ndapeza nyumba, ena akuti ndisalipire kanthu visa isanatuluke. Mutu wazungulira.

wa_mapepala

Achimwene, choyamba dziwani kuti D8 ili mitundu iwiri. Ina ndi yongokhala kwakanthawi, siipitirira chaka. Ina ndi yokakhazikika, ndipo popeza mukupita ndi banja, yanu ndi imeneyi. Lamulo lake linayamba kugwira ntchito mu October 2022.

Ndalama amaziwerengera pa malipiro otsikitsitsa a dzikolo kuchulukitsa kanayi. Mu 2025 malipirowo anali €870, ndiye kuti €3,480 pamwezi. Mu 2026 ndi €920, ndiye kuti €3,680. Amakwera pafupifupi January aliyense, choncho nambala imene munamva chaka chatha yatha ntchito. Amayang'ana miyezi itatu yomalizira, ndipo chimene chimagwetsa ambiri ndi kusagwirizana kwa mapepala. Kontrakiti ikunena zina, pepala la malipiro zina, sitetimenti ya ku banki zinanso. Zitatuzi zinene chimodzi, dzina la kampani lioneke pa ndalama yolowayo. Ngati malipiro amafikira mu akaunti ya kwacha, wowerenga ku ofesi ya kazembe amasinthira mu yuro pa mtengo wa tsikulo, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Ndi bwino ndalama zizioneka mu akaunti ya ndalama zakunja, zisanasinthidwe. Pa banja amawonjezera theka la malipiro otsikitsitsa aja pa mayi, ndi 30 peresenti pa mwana. Maofesi ambiri amafunanso kuona ndalama zosunga zokwana malipiro otsikitsitsa a miyezi 12, zomwe ndi €11,040 mu 2026, ndipo ndi banja zimaposa apo.

Poyambira ndi NIF, nambala ya msonkho ya ku Portugal. Popanda iyo simungasaine lendi kapena kutsegula akaunti. Imatengeka muli konkuno kudzera mwa loya kapena munthu wokuimirani kumeneko. Ikatuluka, akaunti ya ku banki, kenako nyumba.

Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu musathamangire. Zala mumakadinda ku polisi, likulu lili ku Area 30 ku Lilongwe, koma kalatayo amaitenga ngati yamoyo kwa miyezi itatu yokha. Mukaitenga lero pamene tsiku lokaonekera ku ofesi ya kazembe lili kutali, idzafika itafa kale. Iyenera kudindidwa chidindo cha apostille, chotsimikizira mayiko ena kuti pepalalo ndi lenileni, ndipo apa a Malawi tili ndi mwayi chifukwa dziko lathu lili mu mgwirizano wa Hague, wa mayiko ovomereza chidindochi, kuyambira 1967. Anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe njira yawo ndi yaitali, mapepala amadutsa ku unduna wa zakunja kenako kwa kazembe. Ngati munakhalapo ku Joni kapena ku UK kupitirira chaka, kalata ya kumenekonso ikufunika. Satifiketi ya ukwati ndi ya kubadwa kwa mwana nazonso zidindidwe. Ukwati wa chinkhoswe wopanda pepala la boma ku Portugal saudziwa, kaulembetseni kaye.

Zotsala ndi zazing'ono: inshulansi ya chipatala yosachepera €30,000, zithunzi ziwiri, pasipoti yokhala ndi masamba opanda kanthu, ndi kalata ya kampani yonena poyera kuti akukulolani kugwira ntchito muli ku Portugal. Yankho lamulo limati libwere m'masiku 60, koma tikiti musagule lisanafike.

achemwali_a_ku_Braga

Pa nkhani ya nyumba onse awiri akunena zoona, n'chifukwa chake mwazunguzika. Ofesi ya kazembe imafuna umboni wa malo ogona, ndipo pa visa yokakhazikika ambiri amafuna lendi ya miyezi 12, osati buking'i ya hotelo ya sabata ziwiri. Ndiye kulipira visa isanatuluke nthawi zambiri sikuthawika. Chimene mungachite ndi kuchepetsa chotayika. Muike m'kontrakiti mawu akuti visa ikakanidwa mgwirizano watha, ndipo tsiku loyamba lendi likhale patsogolo ndithu, lisakhale mawa. Lamulo la kumeneko limalola mwini nyumba kutenga lendi ya miyezi iwiri pasadakhale ndi chikole cha miyezi iwiri. Mlendo wopanda womuimira amauzidwa zoposa apo, koma dziwani malire ake musanayambe kunenerera.

Kontrakitiyo mwini nyumba ailembetse ku Finanças, ofesi ya msonkho, ndipo azitulutsa malisiti a lendi. Alipo amene amati tingogwirizana pakamwa, mtengo utsika. Musalole, pepala losalembetsedwa lidzakutsekerani khomo patsogolo. Ndipo musatumize ndalama kwa munthu wa pa Facebook amene nyumbayo sanakuonetseni pa vidiyo ali m'katimo. Zithunzi zokongola amaba ku malo ena.

Lisbon ndi Porto lendi yake ndi yoboola m'thumba. Braga, Coimbra ndi Aveiro ziliko bwino, intaneti ndi yamphamvu chimodzimodzi. Funsaninso ngati nyumba ili ndi chotenthetsera. Nyumba zakale zambiri zilibe, ndipo January wa kumpoto kwa dzikolo ndi wachinyezi, makoma amachita nkhungu, mwana sachedwa kudwala chifuwa.

Tsono mukafika. Visa ya m'pasipotiyo ndi ya miyezi inayi yokha, kulowa kawiri basi. M'nthawi imeneyi mukaonekere ku AIMA, bungwe loona za alendo okhala m'dzikomo lomwe linalowa m'malo mwa lakale lotchedwa SEF mu October 2023, akakujambuleni ndi kutenga zala. Khadi loyamba ndi la zaka ziwiri, lotsatira zitatu. Tsiku lokaonekera nthawi zina limabwera limodzi ndi visa, yang'anani bwino pa sitikapo. AIMA inalandira mulu wa mafayilo otsalira, ndiye kudikira kumatha kupitirira miyezi inayi ija. Zikatero khalani phee m'dzikomo. Kutuluka visa itatha khadi lisanabwere kumavuta pobwerera, ngakhale kumudzi kutagwa zovuta, ndiye abale auzeni pasadakhale. Khadi likabwera mutha kuyenda m'mayiko ena a ku Ulaya a mgwirizano wa Schengen masiku 90 pa masiku 180 alionse, koma mukasowa ku Portugal miyezi 6 yotsatizana, kapena 8 yodumphadumpha, akhoza kulilanda.

mlembi_wa_misonkho

Mbali imene anthu amaidumpha ndi ya msonkho. Mukakhala masiku opitirira 183 pachaka, kapena mukakhala ndi nyumba yomwe ikuoneka kuti ndiye kwanu, Portugal imakuwerengani ngati wokhoma msonkho wake pa ndalama zonse, ngakhale zochokera ku London. Msonkho umakwera ndi malipiro mpaka 48 peresenti pamwamba penipeni. Ndondomeko ya NHR, yochepetsera msonkho anthu obwera kudzakhala m'dzikomo, imene ambiri amaitamanda inatsekedwa kwa obwera kumene kuyambira 2024, ndipo yolowa m'malo mwake ndi ya ntchito zosankhidwa zokha, musaiike mu bajeti musanafunse akauntanti wa komweko.

Funsaninso kampani yanu kuti inu ndinu ndani kwa iwo. Ngati ndinu wolembedwa ntchito, nkhani ya Segurança Social, thumba la boma la penshoni ndi chithandizo, ikuwakhudza iwonso, ndipo makampani ena amakana pachifukwa chomwechi. Ngati ndinu wodziimira panokha, mumakatsegula ntchito ku Finanças n'kumalemba malisiti otchedwa recibos verdes. Chaka choyamba cha Segurança Social simulipira, kenako ndi 21.4 peresenti pa magawo 70 mwa 100 a zomwe mwalandira. Werengerani zotsala m'manja zonsezi zitachotsedwa, kenako muchotse lendi.

Zikakulemerani, Mauritius ili ndi Premium Visa kuyambira 2020: yaulere, mumafunsira pa intaneti, chaka chimodzi chotheka kuwonjezera, ndipo amafuna $1,500 pamwezi pa munthu wamkulu. Kungoti wotchi yake ili patsogolo pa London ndi maola atatu kapena anayi, pamene Lisbon ndi London nthawi ndi imodzi.

code_ndi_nsima

Zikomo nonse. Ukwati wathu ndi wa chinkhoswe ndithu, ndiyamba ndi umenewo pamodzi ndi NIF. Za kupolisi zidikire tsiku lokaonekera lidziwike.