Jaki yakutsogolo sikuwaona mahedifoni pomwe yakumbuyo ikulira bwinobwino

Wamakesi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pabenchi pali desktop ya kasitomala, bodi ya ASUS yokhala ndi chip ya mawu ya Realtek ALC887, Windows 10. Jaki yobiriwira yakumbuyo ikugwira, masipika akulira, mahedifoni nawonso akulira ndikawalowetsa kumeneko. Kutsogolo ndiye zii. Mu mmsys.cpl (zenera la Windows losinthira za mawu), pa Headphones palembedwa "Not plugged in" ngakhale pulagi yalowa mpaka kumapeto. Driver ndamuchotsa n'kumuikanso kawiri, mahedifoni ndayesa atatu osiyana. Bodi yapsa mbali ya mawu kapena pali chomwe ndikuphonya?

Wamadiraiva:
Achimwene, yambani mwaona kuti driver amene walowa ndi uti. Mu Device Manager, pansi pa Sound, video and game controllers, mukapeza "High Definition Audio Device" ndiye kuti ndi wa Microsoft uja wongogwirizira, sabwera ndi pulogalamu yosinthira majaki. Pakuyenera kulembedwa dzina la Realtek. Pa Details sankhani Hardware Ids, muone ngati pali VEN_10EC&DEV_0887. 10EC ndi Realtek, 0887 ndiyo chip yanuyo. Driver mumutenge patsamba la ASUS la bodi yomweyo, chifukwa Windows Update imakonda kuika wake pamwamba mwakachetechete.

Akalowa woyenera, tsegulani Realtek HD Audio Manager, dinani kafoda kachikasu kali kumanja, muchonge "Disable front panel jack detection". Pa madiraiva atsopano pulogalamuyi ndi Realtek Audio Console ya mu Microsoft Store, ndipo kosinthirako kali mu Device advanced settings. Mutiuze ngati kutsogolo kulira.

Wamakesi:
Driver ndi wa Realtek, nambala zikugwirizana. Ndachonga pamenepo ndipo mahedifoni ayamba kulira kutsogolo, makutu onse awiri, mawu oyera. Koma tsopano masipika akumbuyo sakusiya, zonse zikulirira limodzi. Kasitomalayu amafuna akalowetsa mahedifoni masipika azikhala chete, nyumba yake ili ndi ana ogona msanga.

Mayi Mita:
Ndiye driver musiyeni, alibe mlandu, ndipo bodi sinapse. Mwangotsimikiza kumene kuti njira ya mawu ndi yamoyo: pa mapini a pabodi pomwe chingwe cha majaki akutsogolo chimalowa, pini 5, pini 9 ndi pini 2 ya ground zonse zikufika. Chomwe chafa ndi njira youzira chip kuti pulagi yalowa, ndipo imeneyi ndi mawaya akeake, sikhudzana ndi mawu.

Ambiri amaganiza kuti kompyuta imamva mahedifoni enieniwo. Pa desktop si choncho. M'kati mwa jaki ya HD Audio muli kaswichi kachitsulo kamene kamakhala kotsegula, pulagi ikalowa imakakankha n'kutseka. Kaswichiko kakatseka, resistor imodzi ya pabodi imalowa pa mzere wa sense (wozindikirira pulagi), mphamvu ya pamzerewo imasintha, chip n'kudziwa jaki yomwe yalowetsedwa. Majaki anayi amagawana mzere umodzi, iliyonse ndi resistor yake: 39.2k, 20k, 10k ndi 5.1k. N'chifukwa chake ngakhale pulagi yodula yopanda mahedifoni kumapeto, kompyuta imati mahedifoni alowa.

Pa bodi ya ASUS mapini a chingwe cha majaki akutsogolo alembedwa AAFP, Gigabyte amalemba F_AUDIO, MSI JAUD1, ASRock HD_AUDIO1. Ndi mizere iwiri ya mapini asanu, pini 8 palibe. Pa HD Audio amayenda motere: 1 ndi 3 maiki, 2 ground, 4 presence, 5 hedifoni yakumanja, 6 sense ya maiki, 7 sense send, 9 hedifoni yakumanzere, 10 sense ya mahedifoni. Nkhani yanu ili pakati pa 7 ndi 10.

Madala a Solda:
Mayi anena zoona, koma musanatenge mita yoyezera magetsi yang'anani chingwe chochokera kutsogolo kwa kesi. Makesi akale ambiri ali ndi mitu iwiri pa chingwe chimodzi, wina wolembedwa HD AUDIO wina AC'97. Yonse imalowa pa mapini omwewo bwinobwino, ndiye munthu wopupuluma amangobaya umene waugwira. AC'97 ndi ya 1997, HD Audio Intel anaitulutsa mu 2004, ndipo majaki ake amagwira ntchito mosemphana. Pa AC'97 kaswichi kamakhala kotseka: mawu amapita kutsogolo pa 5 ndi 9, n'kubwerera kubodi pa 6 ndi 10 kupita ku masipika. Pulagi ikalowa imadula njira yobwererayo, masipika n'kukhala chete chip osadziwa kalikonse. N'chifukwa chake mabodi a nthawi ija ankabwera ndi majampa awiri pa 5-6 ndi 9-10, ukawachotsa osaikapo chingwe kumbuyo kunkafa. Panelo yotereyi mukaiika pa bodi ya HD Audio imalira ndithu, koma kudziwa kuti pulagi yalowa sizingatheke ngakhale muike driver kakhumi, popeza palibe chomwe chikulumikiza pini 7.

Onaninso mu BIOS. Mabodi ambiri akale a ASUS ali ndi "Front Panel Type" pansi pa Advanced, Onboard Devices Configuration. Pakhale pa HD. Batire ya CR2032 ikatha kapena wina akaseweretsamo, ndi malo oyenera kuwasuzumira.

Wamakesi:
Madala, mitu ilipodi iwiri, koma wolowa ndi wa HD AUDIO, wa AC'97 ukungolendewera. BIOS ili pa HD.

Mayi Mita:
Chabwino. Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, muchotse mutuwo pabodi. Kuwerenga mabowo kumasokoneza chifukwa mutu ukautembenuza manja amasinthana, ndiye yambirani pa bowo lotsekedwa lija, limenelo ndi 8. Loyang'anizana nalo pa mzere winawo ndi 7. Pa mzere wa 8 womwewo, la kumapeto lomwe lili lokha ndi 10, la mbali inayo ndi 6. Mapulobu a mita ndi onenepa, musawakakamize m'mabowo, mutambasula tizitsulo tam'kati n'kubala vuto lina. Lowetsani timiyendo todula ta resistor kapena mapini a jampa, mugwire pamenepo.

Mita ikhale pa continuity, pomwe imalira malo awiri akalumikizana. Popanda pulagi, 7 ndi 10 pasalire. Lowetsani pulagi mu jaki ya mahedifoni, palire, ndipo ma ohm akhale pafupi ndi ziro. Chitaninso chimodzimodzi pa 7 ndi 6 pulagi ili mu jaki ya maiki. Muyesenso 5 ndi 6, kenako 9 ndi 10, popanda pulagi. Pakalira pamenepo ndiye kuti majakiwo ndi a AC'97 ngakhale mutu walembedwa HD AUDIO, makesi otchipa ena amatero.

Wa Penguin:
Pamene mukusaka timiyendo, pali njira yoonera zomwe chip ikuona popanda Windows. Yatsani Ubuntu (mtundu wa Linux) ya pa flash, mu terminal lembani amixer -c0 contents, mufufuze mzere wa 'Front Headphone Jack'. Pansi pake pamakhala values=on kapena values=off. Lowetsani pulagi, lembaninso lamulolo. Zikasintha ndiye kuti mawaya ali bwino, vuto ndi la Windows. Zikapanda kusintha, ndi chitsulo. Ngati muli khadi ya zithunzi, card 0 ikhoza kukhala HDMI yake, ndiye yambani ndi aplay -l muone nambala ya ALC887.  Kuzimitsa masipika mahedifoni akalowa kumatchedwa Auto-Mute Mode mu alsamixer, muone kuti ili pa Enabled.

Wamadiraiva:
Zabwino zimenezo, koma kasitomala akungofuna mawu. Bwanji osangosiya detection yozimitsa, n'kuchonga "Make front and rear output devices playback two different audio streams simultaneously"? Kutsogolo ndi kumbuyo zimaoneka ngati zida ziwiri, mwini wake azisankha yekha pa kasipika kapansi kumanja. Ntchito yatha m'mphindi ziwiri.

Madala a Solda:
Zimatheka mphwanga, ndipo pa panelo ya AC'97 njira yake ndi yomweyo. Koma apa panelo ndi ya HD, chilipo chomwe chaduka. Kuchonga kuja kumakhala mu driver, tsiku lomwe Windows idzasinthe driver kapena kompyuta idzafomatidwe kudzafufutika, makina adzabwerera pabenchi ndipo ulendo umenewo simudzalipiritsa. Poti kesi yatsegulidwa kale, ayeze.

Wamakesi:
Nazi zomwe mita yanena. 7 ndi 6 pulagi ili mu maiki: ikulira. 7 ndi 10 pulagi ili mu mahedifoni: zii. 5-6 ndi 9-10 popanda pulagi: zii, ndiye majaki ndi a HD. Koma ndaona chinthu. Ndikakankhira pulagi m'mwamba ndi chala mita imati tswii n'kusiyanso. Pa Ubuntu values yakhala pa off nthawi yonse.

Mayi Mita:
Tswii ameneyo ndiye yankho lanu. Waya wa 7 ndi wabwino poti maiki ikudziwika. Waya wa 10 nawonso ukufika, ukanaduka sipakanalira n'komwe. Chatsala ndi jaki yeniyeniyo: mwina solda wa mwendo wa swichi wang'aluka, mwina kachitsulo kam'kati kafooka kapena kachita dzimbiri.

Musanamasule panelo tsimikizani bodi, kuti musavutike kawiri. Kompyuta ili yozima, ikani waya wa jampa wa mitu yaikazi pakati pa pini 7 ndi pini 10 pabodi penipenipo, chingwe chakutsogolo chili chochotsa. Yatsani. Windows iyenera kunena kuti mahedifoni alowa ndipo masipika akhale chete. Osachita zimenezi ndi sikuludiraiva makina akuyaka. Mapiniwo atalikirana ndi 2.54 mm yokha, dzanja likaterereka mukhudza 9 kapena 5, omwe amapita molunjika ku chip. Jampa ikapanda kusintha kanthu ndiye mufufuze resistor ya 39.2k pafupi ndi mapiniwo, kapena mzere wa pabodi womwe wakalika ndi sikulu.

Wamakesi:
Jampa yagwira. Windows yati mahedifoni alowa, masipika zii. Bodi ili bwino. Ndamasula kabodi kakutsogolo, ndi masikulu awiri okha. Ndikayang'ana ndi galasi, mwendo umodzi wa jaki yobiriwira uli ndi kamng'alu kozungulira solda, ndikagwedeza jaki mwendowo ukusuntha m'bowo mwake. M'kati mwa jaki muli fumbi lambiri ndithu.

Madala a Solda:
Ndi matenda ake a jaki yakutsogolo. Desktop imakhala pansi pa tebulo, munthu amadzuka mahedifoni ali kumutu, chingwe n'kukoka pulagi cham'mbali. Mphamvu yonseyo imathera pa miyendo ya jaki, ndipo kabodi kameneka kamakhala ka mbali imodzi, mabowo ake alibe chitsulo m'kati, solda amangogwira pamwamba pa kopa.

Musangodonthezapo solda watsopano pamwamba pa wakale. Pakani flux (mankhwala othandiza solda kugwira), chotsani wakaleyo ndi pampu kapena wick (kachingwe ka kopa koyamwa solda), muone ngati kopa wa pabowo sanamatuke. Ngati wamatuka, palani mzere pang'ono mpaka kopa aoneke, mulumikize ndi kawaya kafupi kuchoka pa mwendo. Ayironi ikhale cha pa 350°C, masekondi awiri kapena atatu pa mwendo uliwonse. Mukachedwetsa pulasitiki ya jaki imafewa, tizitsulo tam'kati timasuntha, swichi n'kufera pomwepo. Ena amalowetsamo pulagi yakutha powotcherera kuti tizitsulo tikhale m'malo mwake, ndi nzeru yabwino. Wotcherani miyendo yonse, ya jaki ya maiki ndi ya USB yomwe, chifukwa inagwedezeka limodzi.

Za fumbi, thirani isopropyl alcohol ya 99% pa pulagi, ilowetseni n'kuitulutsa kakhumi kapena kupitirira, mupukute, mubwerezenso. Siyani iume. WD-40 wamba ayi, amasiya mafuta omwe amakoka fumbi lina. Spirit ya ku pharmacy imatha kukhala ndi madzi ambiri, ndipo thonje la m'makutu limasiya ulusi pa swichi pomwepo.

Wamakesi:
Ndawotcherera miyendo yonse, kopa anali bwino. Tsopano 7 ndi 10 ikulira pulagi ikalowa, ndikagwedeza sikudukiza, ndikazula ikusiya. Ndabwezera chingwe, ndachotsa chochonga chija mu Realtek, ndipo "Mute the rear output device, when a front headphone plugged in" ndi chochonga. Mahedifoni akalowa masipika akusiya okha. Zikomo kwambiri akuluakulu.

Katsala kamodzi. Kasitomala wabweretsa mahedifoni ake a foni okhala ndi maiki. Akudziwika, koma nyimbo zikumveka ngati zili m'chitini, mawu a woimba akusowa, ndipo maiki sikugwira. Ndikadina batani la pa chingwe chake mawu akubwera bwino.

Mayi Mita:
Imeneyo si jaki yanu, musaimasulenso. Werengani mizere yakuda pa pulagi. Iwiri ndi TRS, itatu ndi TRRS. Pa TRRS ya CTIA, yomwe mafoni ambiri amagwiritsa ntchito, nsonga ndi kumanzere, mphete yoyamba kumanja, mphete yachiwiri ground, tsinde ndi maiki. Jaki ya kesi ndi ya magawo atatu, ndipo kachitsulo kake ka ground kakugwira tsinde m'malo mwa mphete yachiwiri. Ground ikasowa, makutu awiri amalumikizana okhaokha, mumangomva kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja, ndipo mawu a woimba omwe amakhala pakati amafafanizika. Batani lija limalumikiza maiki ndi ground, n'chifukwa chake mukalidina zikukhala bwino.

Mugulitseni kachingwe kogawa: bowo limodzi la TRRS, mapulagi awiri a TRS, yobiriwira ya mahedifoni ndi yapinki ya maiki. Onetsetsani kuti ndi ka CTIA. Kaliponso kena kofanana nako maonekedwe kogawira anthu awiri mahedifoni, kameneko sikathandiza.

Wa Penguin:
Kwa amene akukonza ma Dell OptiPlex ngati 3050 ndi 7050, musatengere manambala a mapini awa. Kutsogolo kuli jaki imodzi yolandira TRRS, ndipo pa Windows pulogalamu ya Waves MaxxAudio Pro ndiyo imafunsa kuti mwalowetsa chiyani, mahedifoni okha kapena okhala ndi maiki. Wina akaizimitsa mu Startup pofuna kufulumizitsa makina, funsolo silibweranso ndipo maiki sidziwika. Yambani mwaibwezeretsa imeneyo musanatenge ayironi.

Madala a Solda:
Wamakesi, musanatseke kesi mangani mutu wa AC'97 wolendewera uja ndi kebulo tayi kutali ndi fani, ndipo chingwe cha mawu chisadutse pansi pa khadi ya zithunzi, chimatola kulira kwa nzzz kumamveka mukasuntha mbewa. Kumbuyo kwa jaki ikani kadontho ka guluu wotentha pakati pa thupi lake ndi kabodi, koma asalowe m'timabowo ta pamwamba pomwe tizitsulo ta swichi timaonekera.